Jelo m'Bwato la a Marko

Ku Chitunda, kamudzi ka asodzi kamene kali kumpoto kwa Msumba, mukafunsa lero kuti a Marko Mpalila ndi ati, ngakhale mwana wamamina akulozerani n'kunena kuti, "A bwato aja." Anthu kuiwala, abale! Dzana lomweli akadakuyankhani kuti, "A mtanda aja," chifukwa kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, Lamulungu lililonse, a Marko ndiwo ankatsogolera mdipiti wolowa m'tchalitchi, atavala mkanjo wofiira, mtanda wamkuwa uli m'manja, kwaya ikubwera pambuyo pawo. Munthu ankatha kuchedwa Misa, padiri ankatha kulephera kufika chifukwa cha mwera, koma a Marko ndi mtanda wawo sankajomba.

Mtandawo anaulandira kwa bambo awo. Nkhondo itafika kunyanja mu 1986, anthu akuthawira ku Likoma, mkuluyo anasiya mbuzi zitatu zili pachingwe n'kulowetsa m'bwato mtanda wokulunga mumphasa. Mayi awo anakalipa ulendo wonse, kufunsa ngati ana adzadya mkuwa. Wopalasa tsiku limenelo anali Marko, mnyamata wa zaka makumi awiri. Kutsidyako anakhalako zaka zisanu ndi zitatu, akusodza, akugwira pagolo mu timu ya anthu othawa kwawo, ndipo n'komwe anakwatira Lea. Atabwerera anapeza tchalitchi chilibe denga, mkuyu utamera pamene panali guwa. Anadula mkuyuwo, anafolera, ndipo bambo awo atamwalira mu 1996 palibe amene anafunsa kuti mtanda anyamule ndani.

Anali munthu wa mawu ochepa, wosalawa kachasu, wosakonda miseche. Pa mpira pokha m'pamene ulemu wawo unkathawa. Mukanawaona m'mbali mwa kampu, bwalo la mpira lija, chipewa chili m'manja, akuthamanga ndi mzere ngati ndiwo ali ndi mpira, simukanakhulupirira kuti ndi omwe aja oyenda pang'onopang'ono a Lamulungu m'mawa.

Za ayisi, amene kuno timati jelo, zinawapeza pa ntchito ya nsomba. Kwa zaka zingapo ankaperekeza mabokosi a chambo ku Lichinga, katundu wa a Issufo, wamalonda wa ku Metangula amene ali ndi makina oumitsa madzi. Tsiku lina atatsitsa nsomba mumsika, kunabwera bambo wina wonenepa, wovala juzi ya timu yochokera kutali, akufunsa jelo wotsala. A Marko anamusenzera thumbalo mpaka kubwalo la mpira, n'kukhala komweko kuonerera. Mpira utatha anaona malodza. Anyamata amisinkhu yawo, ndevu pepeya, ankalowa awiriawiri m'migolo ya madzi a jelo mpaka m'chiuno, akukuwa ngati akuwachotsa mano.

"Alakwa chiyani? Si awina?" anafunsa a Marko.

Wonenepa uja anaseka mpaka kutsamwa. Kenaka anawafotokozera kuti munthu akathamanga kwambiri minofu imatentha, imatupa, ndipo mawa lake amadzuka miyendo ili gwa. Madzi ozizira amatontholetsa kutupako, ululu umachepa, munthu n'kugona tulo tabwino. Anati pasapitirire mphindi khumi, ndipo wodwala mtima asayandikire n'komwe.

A Marko anabwerera kwawo nkhaniyo ikuwazungulira m'mutu. Kwathu kuno thupi likaphwanya timathowa. Mayi amawiritsa madzi, amaviika kansalu, n'kumakusindikiza pamsana iwe ukubuula. Kuyambira makolo ndi choncho. Ndiye munthu abwere kudzanena kuti lowa m'madzi ozizira? Komabe tsiku lina atachoka kokoka khoka, mapewa ndi ntchafu zikuyaka moto, anakumbukira. Kuseri kwa nyumba kunali bwato lakale long'aluka kumutu. Analimata ndi phula, anatungiramo madzi, anathiramo zidutswa za jelo zimene a Issufo ankataya, n'kulowamo.

"Mayo ine! Bambo a Rosita, mwasanduka chambo?" anakuwa a Lea atawapeza ali khale m'bwato, mano akugundana. "Ndikaitane anthu?"

Koma m'mawa mwake a Marko anadzuka n'kukazula chinangwa osagwira m'chiuno, a Lea n'kungowayang'ana cham'mbali. Sanavomere kuti jelo amathandiza, mpaka lero savomera, koma anasiya kuwiritsa madzi a kansalu osauzidwa.

Kwa zaka zambiri bwatolo linali la a Marko okha, mpaka Ilídio anabwerera kumudzi. Ilídio anali mwana wawo wa ubatizo. A Marko ndiwo anamunyamula pa chitsime cha ubatizo ali khanda, ndipo bambo ake atamira ndi bwato, mwanayo ankadya kwa a Lea masiku ambiri kuposa kwawo. Anaphunzira, anakhala mphunzitsi, anamutumiza pa sukulu ya kwawo komweko, ndipo anyamata anamupanga kukhala kochi wa timu ya mudzi. Anali munthu wa pakamwa pokoma, woseka ndi aliyense. A Marko ankawatchula kuti Padrinyu, monga timaitanira atate a ubatizo, ndipo akawaitana choncho mkuluyo mtima unkangoti myaa.

Timu ya Chitunda inali ndi vuto limodzi. Osewera ake onse anali asodzi. Sabata yonse akupalasa ndi kukoka makoka, Loweruka mpira, ndipo mu mpikisano wa m'boma nthawi zina ankasewera Loweruka ndi Lamulungu motsatizana. Tsiku lachiwirilo ankathamanga ngati amangidwa miyala kumapazi. Ilídio, amene bondo lake linali litapumulapo kale m'bwato la a Marko, anabwera kudzapempha.

"Padrinyu, mundithandize. Ana awa mpira amautha, koma miyendo imawathera panjira."

A Marko anavomera ndi mtima wonse. Anamanga mpanda wa bango kuzungulira bwatolo, popeza njira ya amayi yopita kunyanja imadutsa pomwepo ndipo anyamata ankalowa ndi kabudula yekha. Tsiku la mpira m'mawa, Ilídio ankakweza a Marko pa njinga yamoto mpaka ku Metangula, n'kubwerako ndi matumba awiri a jelo wokwiriridwa mu utuchi kuti asasungunuke panjira. Mpira ukatha, anyamata ankalowa atatuatatu. Malamulo a a Marko anali osakambirana: wa malungo asalowe, wa bala asalowe, wolawa mowa apite kwawo, wodandaula pachifuwa akhale pambali. Madzi alekeze m'chiuno. Wotchi analibe, ndipo foni sankafuna kuigwira ndi manja onyowa, choncho nthawi ankaiyeza ndi nyimbo ya m'tchalitchi ya ndime zisanu ndi ziwiri. Akaiimba kawiri, mphindi khumi zakwana, tulukani, dzipukuteni, imwani tiyi.

Tsiku loyamba kunali chipwirikiti. Wapagolo analowa n'kutuluka nthawi yomweyo akuitana mayi ake. Wina analumbira kuti sadzaberekanso. Koma Lamulungu lake anyamata aja anathamanga mpaka mphindi yomaliza, n'kuchinya ziwiri adani awo atatopa. Sabata yotsatira ankakanganirana kulowa. Ena ankati akatulukamo mutu umapepuka, mkwiyo wa m'kampu umatha, kunyumba sakalipira ana. Chaka chimenecho timu ya Chitunda, imene kale inali poyeserera mapazi a ena, inayamba kugwetsa matimu a mayina.

Ndiye taganizani zimene ankaona munthu wosuzumira pa bango. Anyamata ali m'bwato pamtunda, akukuwa. Pamwamba pa madzi pakuyandama tizipapati tofiirira, utuchi uja, koma kwa wosadziwa n'chimodzimodzi makungwa opala. Pambali pali mkulu watsinzina, akuimba motsitsa mawu. Kodi pamenepo pankafunikanso wina wofotokoza? Mbiri inawanda kuyambira ku Metangula mpaka ku Cobue kuti a Marko amasambitsa timu mankhwala.

Atamva koyamba anaseka mpaka misozi. "Munaonapo mankhwala a mpira osamba mpira utatha kale?" anafunsa amayi ena kudooko.

"Ndiye kuti ndi a sabata yamawa," anayankha mmodzi, osaseka n'komwe.

Matimu ena anayamba kuchita zachilendo. Akafika pa kampu ya Chitunda ankakana kulowera panjira, ankadzera m'munda wa chinangwa. Ankakana kugwirana chanza. Ena ankawaza mchere pagolo. Wapagolo wa timu ina ataona a Marko aima kumbuyo kwake, anangosiya mpira wofooka kumudutsa pakati pa miyendo. Anyamata a Chitunda nawo anayamba kuyenda chifuwa patsogolo, ndipo ena mwa iwo, ngakhale ankaona jelo ndi maso awo, mumtima ankakonda kukhulupirira kuti muli kanthu.

Amene anawatsina khutu a Marko anali a Issufo. Tsiku lina akuwapakirira jelo, Ilídio atapita kukathira mafuta, anawakokera pambali.

"Achimwene, mwana wanu uja akuthira mchere nkhaniyi. Dzulo ndamumva ndekha pa siteji ya chapa, maminibasi aja, akuuza anyamata a kuno kuti bwato la Padrinyu lili ndi zake, asaliyese dala."

"Iyayi, a Issufo. Ilídio ndi wanthabwala. Jeloyu timagula limodzi, amathira m'bwato ndi manja ake."

"Ine ndanena," anatero a Issufo, n'kumanga thumba.

A Marko sanamufunse Ilídio. Anaona ngati kumufunsa n'kumunyoza. Panjira yobwerera anagwira m'chiuno mwa mnyamatayo monga mwa masiku onse, akukambirana za yemwe asewere kutsogolo.

Timu itafika mu fainolo, nkhani inalowa m'tchalitchi. Padiri amabwera ku Chitunda kamodzi pamwezi, choncho zinthu za tsiku ndi tsiku amayendetsa akuluakulu a mpingo, ndipo wapampando wawo anali a Augustino, munthu wosaipa mtima koma woopa kwambiri zonena za anthu. Anafika kwa a Marko Lachinayi masana, anakana mpando, n'kunena ali chiimire kuti akhristu akudandaula. Manja ogwira zitsamba Loweruka sangagwire mtanda Lamulungu. Nkhaniyo idzakambidwa mapemphero akatha, ndipo ngati ali ndi mboni abwere nayo.

A Marko anamva ngati awathira jelo yemweyo kumsana. Mboni? A Lea ndi mkazi wawo, anthu adzati akuikira kumbuyo mwamuna wake. A Issufo ndi Msilamu wa ku Metangula, ndipo ena anali atayamba kale kunong'ona kuti m'matumba mwawo ndimo mumabwerera mankhwalawo. Osewera ankangolowa m'madzi atawapeza okonzeka. Munthu mmodzi yekha ndiye ankaona zonse, kuyambira pa makina mpaka m'bwato, komanso anali mphunzitsi, wowerenga mawu m'tchalitchi, woti akalankhula anthu amamva. Anapita kusukulu n'kumupeza akufufuta bolodi.

"Aaa, Padrinyu, zimenezo n'zodandaula nazo?" anatero Ilídio akuwagwira dzanja ndi manja awiri. "Ine ndilipo. Pitani mukapume."

Anapumadi. Loweruka anapukuta mtanda ndi phulusa ndi ndimu monga ankachitira nthawi zonse, ndipo Lamulungu anaunyamula mutu uli m'mwamba.

Mapemphero atatha, anthu sanabalalike. Mabenchi anawatulutsa panja, dzuwa lili pamutu, ndipo kunabwera ngakhale anthu amene pakhomo la tchalitchi anapaiwala kalekale. Kumbuyo kunaima anyamata awiri achilendo, achibale a osewera a timu ya ku Metangula imene Chitunda inkayenera kukumana nayo sabata yotsatira. A Marko anawaona, koma sanaganizepo kanthu.

Anafotokoza zonse mwa mawu awo ochepa aja: za bambo wonenepa wa ku Lichinga, za minofu, za utuchi, za nyimbo. Anabweretsa ndi utuchi wodzaza dzanja kuti anthu aununkhize. Anatinso bwato lili apo, aliyense wofuna akalowemo, ngakhale a Augustino amene. Anthu anaseka, a Augustino n'kukweza dzanja kuti si nthawi ya masewera.

"Aphunzitsi, inu mumakhala nawo. Tatiuzani, m'bwatomo mumathiridwa chiyani?"

Ilídio anaimirira, anakonza kolala, anayang'ana kumbuyo kumene kunali alendo aja. Sanayang'ane kwa a Marko.

"Akuluakulu, ine ntchito yanga ndi ya m'kampu. Jelo ndimamuona, inde, ndimanyamula ndine. Koma za m'bwato mwini wake ndi Padrinyu. Ngati pali zina zimene amaonjezera ine nditatembenuka, sindinganame pano pamalo oyera kuti ndikudziwa kapena sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti chiyambireni kulowa m'menemo, ana athu sanagonjepo."

Anthu anangoti, "Hiii!" Amayi ena anagwira pakamwa. A Lea anadzuka kuti alankhule, anzawo n'kuwakoka chitenje. A Marko anatsala utuchi uli m'manja, akuyang'ana kumbuyo kwa mutu wa mwana amene anamuphunzitsa okha kupemphera. Sindibisa, ine pofika pamenepa mtima umandiwawa. Bodza lenileni likadakhala bwino, chifukwa bodza umalitsutsa. Koma mawu oterera ngati mlamba amenewo, uwagwira pati?

Akuluakulu sanachedwe. Anati a Marko ayambe apumula pa mtanda ndi pa Mgonero mpaka nkhani itayera. Kiyi wa kabati yosungiramo mtanda anamupereka pomwepo, pamaso pa anthu.

Ilídio anawapeza panjira, pafupi ndi munda wa chinangwa, akupuma wefuwefu.

"Padrinyu, imani kaye. Mwawaona anyamata a ku Metangula aja? Ndikanati ndi jelo chabe, lero lomwe nkhani ikanafika kwawo, mantha onse n'kutha. Inu mukudziwa kuti pa mpira weniweni amatiposa. Pirirani sabata imodzi yokha. Tikatenga chikho, ndidzaima kutsogolo n'kunena zonse, ndikulumbira."

"Unayambitsa ndiwe nkhaniyi?"

Ilídio anayang'ana pansi. "Inayamba yokha. Ine ndinangoisiya kuti ikule."

"Wandigulitsa, mwana wanga," anatero a Marko. "Wandigulitsa chifukwa cha mpira."

Sanakweze mawu. Anangopitiriza ulendo, ndipo atafika kunyumba anagudubuza bwato lija n'kulivundikira, kamwa pansi. Sabata imeneyo anyamata anabwera kudzapempha, iwo anawauza kuti nyanja ili apo, akasambe. Kufainolo sanapiteko. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni ku Malawi, mpira wa Chitunda unaseweredwa iwo ali pakhonde, akusoka ukonde umene sunali wong'ambika kwenikweni.

Koma mantha sanafunenso bwato. A ku Metangula ataona kuti mkuluyo palibe, anauzana kuti watsala kunyumba kuti azikoka zingwe ali komweko. Anasewera maso ali kumwamba, n'kugonja ndi chigoli chimodzi. Cha m'ma folo koloko a Marko anamva chimkokomo chikubwera, malikhweru, zitini, njinga zamoto zikulira. Khamu lonse linakhotera pakhomo pawo. Ilídio anali pamapewa a anyamata, chikho chili m'manja, mawu atasasa.

"Chikho ichi n'cha Padrinyu!" anakuwa. "Padrinyu ndi bwato lake!"

Anthu anavina pabwalo mpaka fumbi kobo, akuimba dzina la a Marko. Mwini dzina analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. A Lea ndiwo anatuluka ndi tsache, n'kuwauza mawu amene sindingawabwereze pano.

A Marko anadikira Lamulungu. Anadikira monga munthu amadikirira mvula atabzala kale. Anavala malaya oyera, anakakhala pa benchi ya kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, pamene pamakhala ochedwa ndi amayi a ana olira. Mdipiti unalowa, mtanda uli m'manja mwa mphwake wa a Augustino, amene anaunyamula mopendekeka mpaka unakhula pamwamba pa chitseko. A Marko anatsinzina. Nthawi ya zolengeza itakwana, Ilídio anapitadi kutsogolo, ndipo mkuluyo anatchera khutu. Mphunzitsiyo anathokoza Mulungu chifukwa cha chikho, anathokoza mpingo chifukwa cha mapemphero, n'kulengeza kuti timu tsopano ipita ku Lichinga kukakumana ndi akatswiri a maboma ena. Anthu anaomba m'manja, iye n'kukhala pansi.

Panja Ilídio anawazemba, koma a Marko anamuimirira kutsogolo.

"Sabata ija yatha."

"Padrinyu, mundimvetse. Ku Lichinga nako mbiri yafika. Masabata atatu okha, kenaka..."

"Usadzanditchulenso dzina limenelo," anatero a Marko, n'kumupatukira.

Padiri atabwera anamvetsera mbali zonse, ndipo poti anali munthu wophunzira, za jelo anazimvetsa msanga. Koma anati mpingo wagawanika, ndi bwino kudikira mitima izizire, nkhani aidzaionenso ulendo wina. Ulendo winawo kunali maliro, wotsatira kunali ukwati, wotsatiranso msewu unaduka. Madzi akatayika saoleka. Timu inakagonja ku Lichinga zigoli zisanu kwa duu, anthu n'kunena kuti n'chifukwa chakuti mwini bwato anakwiya. Ikawina anali a Marko, ikagonja anali a Marko. Ilídio anapitiriza kuwerenga mawu Lamulungu, ndipo akawaona akubwera ankaoloka msewu.

Mkuluyo anaonda. Kunyanja ankapitabe, koma asodzi anzawo amene kale ankawaseka za ukalamba tsopano ankawapatsa moni wa manja awiri, n'kusuntha kuti mthunzi wawo usawakhudze. Ulemu wotero umapweteka kuposa chitonzo. Msana ukawawa ankangopirira. A Lea anayambiranso kuwiritsa madzi, iwo n'kugona chafufumimba.

Tsiku lina Lachiwiri m'mawa, ali pakhonde kupala nkhafi, panafika a Lidiya, mayi wamasiye amene amatsogolera bungwe la amayi a m'tchalitchi, mmodzi mwa amene anagwira pakamwa tsiku la mlandu lija. A Marko anawalandira msanga. Anaganiza kuti mwina amayi akambirana, mwina atumidwa kudzanena kuti Lamulungu abwere ndi mkanjo. Anawapatsa mpando, koma a Lidiya anakhala pansi, n'kuvundukula chitenje. Munali tambala woyera, womangidwa miyendo.

"Bambo, ndabwera ndi mavuto," anayamba monong'ona. "Mwana wanga wamkulu uja miyezi itatu tsopano ukonde ukungotuluka ndi ndere. Anzake akupha, iye ayi. Ndati ndikagwade kwa a Marko, amusambitseko pang'ono."

A Marko anaika nkhafi pansi.

"Mayi, inu ndi ine tinalandira Mgonero woyamba tsiku limodzi. Mwandiona ndikunyamula mtanda mpaka imvi izi. Ndikukuuzani pamaso pa Mulungu, m'bwato muja munalibe kanthu. Anali madzi ndi jelo, jelo wa nsomba, wothandiza miyendo ikatopa. Basi."

A Lidiya anagwedeza mutu mwaulemu, n'kukankhira tambala uja pafupi ndi mapazi awo.

"Inde, bambo, musavutike. Aphunzitsi andiuza kale kuti poyamba mudzakana, koma ndisatope."